Phunziro la Amayi Akatolika: Khungu Lathu, Mafuta Oyeretsa ndi Mankhwala Osenda Khungu

Phunziro la mwezi uno likukhudza kanthu kamene kali m'zikwama ndi m'zipinda za amayi ndi atsikana ambiri, ngakhale sitikakamba poyera. Pa Dyeratu, pa Nchalo, pa Ngabu, pa Bangula mpaka pa boma la Nsanje, simungayende mizere iwiri ya msika osaona timabotolo, timachubu ndi sopo zolonjeza nkhope yoyera ndi yosalala m'masiku ochepa. Masiku ano kwabweranso mankhwala amene amati amasenda khungu lakale kuti latsopano lituluke, ndipo amawatsatsa pa Facebook, pa WhatsApp ndi pa TikTok.

Cholinga cha phunziroli n'chakuti tidziwe ntchito ya khungu lathu, tidziwe zimene zili m'mankhwalawa, ndipo tithe kuthandiza mnzathu amene anayamba kale kudzola. Atsogoleri a gulu aonetsetse kuti pokambirana pasakhale kulozana zala. Mayi akachititsidwa manyazi pagulu sasiya kudzola, amangosiya kubwera ku msonkhano.

Ntchito ya khungu

Khungu ndi chiwalo chachikulu kuposa ziwalo zonse za thupi. Limatchinga tizilombo toyambitsa matenda, limasunga madzi m'thupi, ndipo limatiziziritsa potulutsa thukuta. Ife a kuno kuchigwa, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, timalidalira kwambiri kuposa anzathu a kumtunda.

Mtundu wa khungu umachokera ku chinthu chotchedwa melanin, chimene thupi limapanga lokha. Mzungu, Mmwenye ndi Mmang'anja ali ndi timaselo topanga melanin tochuluka pafupifupi mofanana. Kusiyana kwake n'kwakuti timaselo ta munthu wakuda timapanga melanin wambiri. Melanin ameneyu ali ngati denga la udzu wokhuthala: amamwa mphamvu yoopsa ya dzuwa isanawononge za m'kati. N'chifukwa chake mayi wa kuno amatha kulima m'dimba kapena kutola thonje tsiku lonse osapsa, ndipo makwinya amachedwa kumufika.

Abale athu achialubino ndi umboni wa zimenezi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muli anthu achialubino 134,636. Matupi awo amapanga melanin wochepa kwambiri kapena sapanga n'komwe, ndipo mdani wawo wamkulu pa zaumoyo ndi khansa ya pakhungu. Iwo amayenera kudzola mafuta oteteza ku dzuwa, kuvala zipewa zazikulu ndi zovala zamanja aatali tsiku lililonse. Chitetezo chimene iwo akuchivutikira chonchi, ena a ife tikulipira ndalama kuti tichichotse.

Kusenda khungu kwa kuchipatala

Khungu limadzisenda lokha pang'onopang'ono. Timaselo tatsopano timabadwira pansi, timakwera pamwamba, kenaka timafa n'kuyoyoka, ndipo ulendowu umatenga pafupifupi masabata 4. Madokotala a khungu ali ndi njira yofulumizitsa ntchitoyi. Amapaka asidi woyezedwa bwino pankhope kwa mphindi zowerengeka, kenaka amamuchotsa kapena kumuthetsa mphamvu. Pakapita masiku, khungu lapamwamba limasupuka ndipo lapansi limaonekera. Amachita zimenezi pofuna kuchepetsa ziphuphu, mawanga ndi makwinya ang'onoang'ono.

Njirayi ili ndi magawo atatu. Kusenda kwa pamwamba kumachitika ndi asidi wofatsa monga glycolic, amene mwachilengedwe amapezeka mu nzimbe, lactic wa mu mkaka wowawasa, ndi salicylic amene ndi wachibale wa asipirini. Kusenda kwa pakatikati kumachitika ndi asidi wamphamvu wotchedwa TCA, ndipo munthu amakhala ndi nkhanambo kwa sabata kapena kupitirira. Kusenda kozama kumachitika ndi phenol, mankhwala amene akalowa m'magazi amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima, choncho wodwala amayang'aniridwa ngati ali pa opaleshoni.

Pali mfundo ziwiri zimene otsatsa malonda sanena. Yoyamba n'njakuti khungu lakuda likapsa kapena kuvulala, limadziteteza popanga melanin wochuluka pamalo povulalapo. Tonse tikudziwa mmene chipsera cha moto kapena cha chiphuphu chimadera kuposa khungu loyandikana nacho. Choncho asidi akapyola muyeso, amasiya mawanga akuda kuposa amene munthu amafuna kuchotsa, ndipo kwa ena pamatuluka zipsera zotupa zija zimene zimakula ngati nyama. Pa chifukwa chimenechi madokotala amasamala kwambiri ndi khungu lakuda, ndipo kawirikawiri salola kulisenda mozama. Yachiwiri n'njakuti munthu wosendedwa khungu amayenera kupewa dzuwa ndi kudzola mafuta oteteza ku dzuwa kwa masabata angapo. Nanga mayi amene m'mawa ali kumjigo, masana ali kumunda, madzulo akugulitsa nsomba pamsika, dzuwa la ku Nsanje angalithawire kuti?

Kabotolo ka asidi kogulidwa pa foni sikanena zoona nthawi zonse za mphamvu yake, ndipo wogulitsayo sadzakhalapo pamene nkhope yatuluka matuza. Zosakaniza za kunyumba nazonso n'zoopsa. Ena amasakaniza mandimu, soda, mankhwala otsukira mano, ngakhale mankhwala oyeretsera zovala. Madzi a mandimu akakhala pakhungu munthu n'kupita padzuwa amatha kuwotcha ndi kusiya mawanga a miyezi yambiri. Kumva kuti glycolic amapezeka mu nzimbe kusatipangitse kuganiza kuti asidi wa m'botolo ndi wofatsa ngati nzimbe za ku Nchalo.

Zitatu zimene zimabisala m'mafuta oyeretsa

Amayi ambiri kuno sagula asidi, amagula mafuta ndi sopo. Achikulire akukumbukira dzina la Ambi limene linatchuka zaka za m'ma 1970. Lero mayina ndi ambiri, koma zimene zimayeretsazo nthawi zambiri zimakhala zitatu.

Choyamba ndi hydroquinone. Mankhwalawa amaletsa timaselo kupanga melanin. Madokotala amawagwiritsa ntchito pa mawanga okha, pa mlingo wochepa, kwa miyezi yowerengeka. Munthu akamadzola nkhope yonse kwa zaka, n'kumayendanso padzuwa, zinthu zimatembenuka. M'masaya, pachipumi ndi m'mbali mwa maso mumatuluka mawanga akuda obiriwira, okhakhala ngati msasa. Matendawa amatchedwa ochronosis, ndipo madokotala a ku South Africa anawafotokoza mu 1975 atawaona pa amayi akuda ambiri odzola mafutawa. Ndi ovuta kwambiri kuchiza, ndipo kwa ambiri sachoka. Dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990.

Chachiwiri ndi mankhwala a gulu la steroid, monga clobetasol ndi betamethasone. Amenewa ndiwo ali m'machubu monga Movate ndi Diproson. Ndi mankhwala enieni a matenda ena a pakhungu, oyenera kulembedwa ndi dokotala ndi kupakidwa kwa nthawi yochepa. Kuyera kumene amabweretsa ndi chizindikiro chakuti khungu likufooka. Limapyapyala mpaka mitsempha kuonekera, limachita mizere ngati ya pamimba pa mayi amene wabereka, ndipo limang'ambika ndi kakanda kakang'ono. Ziphuphu zimachuluka, zipere ndi mphere zimafalikira, tsitsi limamera kumaso. Mankhwalawa akamapakidwa thupi lonse amalowa m'magazi, ndipo amatha kuyambitsa kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga ndi kutupa kwa nkhope. Bala la munthu wotere limachedwa kupola, nkhani imene ndi yaikulu kwa mayi amene angafunike kubereka kudzera pa opaleshoni.

Chachitatu ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chija chinkakhala m'zoyezera kutentha kwa thupi zakale. Ndi poizoni. Imalowa kudzera pakhungu n'kukawononga impso ndi ubongo. Zizindikiro zake ndi kutupa mapazi ndi nkhope, mkodzo wa thovu, kunjenjemera manja, kuiwalaiwala, kusowa tulo ndi kupsa mtima msanga. Kwa mayi woyembekezera imafika kwa mwana m'mimba, ndipo kwa woyamwitsa imadutsa mu mkaka wa m'mawere. Imatsalira pa thaulo, pa zofunda ndi pa chitenje choberekera mwana, kotero kuti banja lonse limalandira poizoni ngakhale wodzola ndi mmodzi. Kuopsa kwa mercury kunadziwika kwambiri ku Minamata m'dziko la Japan, kumene mu 1956 anthu anapezeka akudwala chifukwa chodya nsomba za m'madzi oipitsidwa ndi fakitale. Pangano la mayiko la mu 2013 lochepetsa mercury linatenga dzina la mzindawu, ndipo mu 2023 mayiko a m'panganoli anagwirizana zothetsa mercury m'zodzoladzola zonse pofika kumapeto kwa 2025.

Mayiko ena a mu Africa anachitapo kanthu. Côte d'Ivoire inaletsa mafuta otere mu 2015, ndipo Rwanda inayamba kuwachotsa m'masitolo mu 2018. Kwathu kuno bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndilo limayang'anira mankhwala, ndipo la Malawi Bureau of Standards limaona za ubwino wa katundu. Koma mabungwewa sangafike pa benchi iliyonse ya msika, choncho mlonda woyamba ndi wogula mwini.

Musanagule mafuta kapena sopo, werengani kapena pemphani mwana wa sukulu akuwerengereni. Mukaona mawu akuti hydroquinone, clobetasol, betamethasone, mercury, mercúrio, mercurous chloride kapena calomel, bwezani pomwepo. Zolemba zambiri zimakhala za Chifalansa kapena Chipwitikizi, koma mayina a mankhwalawa sasintha kwenikweni. Chenjerani kwambiri ndi mafuta osakaniza okha, ogulitsidwa m'kabotolo kopanda dzina. Dziwaninso kuti ena salemba zonse zimene aikamo. Mafuta aliwonse amene akusintha mtundu wa khungu m'sabata imodzi kapena ziwiri nthawi zambiri amakhala ndi chimodzi mwa zitatuzi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Si mawanga onse ofuna mafuta

Amayi ena sanayambe kudzola pofuna kuyera. Anayamba chifukwa cha mawanga kapena ziphuphu, mnzawo n'kuwapatsa chubu. Apa m'pofunika kusamala, chifukwa khungu limalankhula za matenda amene ali m'thupi.

Mawanga akuda a m'masaya amene amabwera mayi akakhala ndi pakati amayamba chifukwa cha kusintha kwa m'thupi pamodzi ndi dzuwa, ndipo kwa ambiri amazilala okha pakapita miyezi mwana atabadwa. Banga loyererako limene silimva kukhudza kapena kutsina litha kukhala khate, matenda amene amachizika ndipo mankhwala ake ndi aulere. Mawanga akuda ofiirira otupa pang'ono, makamaka kumiyendo kapena m'kamwa, atha kukhala khansa ya Kaposi, imene imakonda anthu amene chitetezo chawo chatsika. Khungu lakuda lokhakhala ndi losupuka m'khosi, kunja kwa manja ndi kumapazi, limodzi ndi kutsegula m'mimba, litha kukhala pellagra, matenda obwera munthu akamadya nsima yokhayokha popanda ndiwo zokwanira. Mu 1990 matendawa anagwira anthu masauzande ambiri pakati pa abale athu othawa nkhondo ya ku Mozambique, kuphatikizapo a m'misasa ya ku Nsanje, pamene mtedza unasowa pa chakudya chimene ankalandira. Mankhwala ake ndi mapiritsi a kuchipatala pamodzi ndi mtedza, nyemba, nandolo ndi nsomba.

Kupaka steroid pa matenda ngati amenewa kumabisa zizindikiro, matenda n'kumakula. Safunsa anadya phula. Pitani ku St Montfort ku Nchalo, ku Kalemba ku Bangula, ku Trinity ku Muona, ku zipatala za boma za Chikwawa ndi Nsanje, kapena ku chipatala chaching'ono chapafupi. Vuto likakhala lalikulu adzakutumizani kwa madokotala a khungu ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Kwa amene anayamba kale

Mayi amene wakhala akudzola asataye mtima, pakuti zambiri zimakonzeka akasiya msanga. Atenge botolo kapena chubu chimene amadzola apite nacho kuchipatala, ndipo anene zoona za nthawi imene wakhala akudzola. Sopo ndi mafuta a mercury kapena hydroquinone ayenera kusiyidwa tsiku lomwelo. Koma amene wapaka steroid wamphamvu mbali yaikulu ya thupi kwa miyezi yambiri asasiye mwadzidzidzi payekha, chifukwa thupi limakhala litazolowera ndipo atha kufooka kwambiri. Achipatala amuuza mmene angachepetsere pang'onopang'ono.

Masabata oyamba ndi ovuta. Nkhope imayabwa, imatentha, imatuluka ziphuphu, ndipo imada kuposa kale. Apa ndi pamene ambiri amabwerera ku chubu, poganiza kuti ndi mankhwala okhawo amene amawayanja. Kunena zoona, limeneli ndi khungu limene likuyambanso kugwira ntchito yake. Pa nthawiyi asambe ndi sopo wamba wosanunkhira kwambiri, adzole Vaseline kapena glycerine, asakhule nkhope ndi mwala kapena chinkhupule, ndipo avale chipewa chachikulu kapena afunde ambulera padzuwa. Woyembekezera kapena woyamwitsa auze anamwino kusikelo.

Zotsala musapatse mwana wanu kapena mnzanu, musazitenthe, ndipo musazitaye mu Shire, m'dambo kapena pafupi ndi chitsime, chifukwa mercury ikalowa m'madzi imakathera mu nsomba zimene tidzadye tokha. Funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu za katayidwe kake.

Muzu wa nkhaniyi

Palibe mayi amene amafuna kuwononga impso zake. Chimene chimamutuma kumsika ndi mawu. Mwana akabadwa woyera timati wabadwa wokongola, akayamba kuda timati wasintha. Mtsikana wakuda timamutcha mayina a makala ndi mphika, iye n'kukula nawo mumtima. Bambo akamayamikira akazi oyera pamaso pa mkazi wake, mayiyo amaopa kulandidwa banja. Mkwatibwi amauzidwa ndi anzake kuti ayambe kudzola miyezi itatu ukwati usanafike kuti adzawale pa zithunzi. Kenaka anthu omwewo amene anamukankhira kumeneko ndiwo amayamba kumuseka kuti nkhope ndi Fanta, miyendo ndi Coca-Cola.

Maganizo akuti kuyera ndiko kukongola anakula m'nthawi ya ukapolo ndi ya atsamunda, pamene khungu loyera linkayendera limodzi ndi ulamuliro ndi chuma. Lero akukulitsidwa ndi mafilimu, otsatsa malonda ndi mafoni amene amayeretsa nkhope pa chithunzi. Koma zimene anthu amati kukongola zimasintha. Pamene David Livingstone ankayenda mu Shire mu 1859, amayi a Chimang'anja ankaboola mlomo wam'mwamba n'kuikamo mphete yaikulu, ndipo agogo athu ambiri anatemedwa mphini kumaso. Zonsezo zinatha. Fashoni ya kuyera nayonso idzatha, koma impso zowonongeka sizidzabwerera.

Chikhulupiriro chathu chikutiuza chiyani

Pa msonkhano werengani Genesis 1:26-31, pamene tikumva kuti munthu analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu ndipo Mlengi anakondwera ndi ntchito yake. Werenganinso 1 Akorinto 6:19-20, pamene Paulo Woyera akutikumbutsa kuti Mzimu Woyera amakhala m'matupi mwathu. Pa Nyimbo ya Solomoni 1:5-6, mkwatibwi amene dzuwa lamudetsa pogwira ntchito m'minda ya mphesa sachita manyazi ndi khungu lake. Katekisimu wa Mpingo Wakatolika, pa ndime 2288, amaphunzitsa kuti moyo ndi thanzi ndi mphatso zimene Mulungu anatisungitsa, ndipo tiyenera kuzisamala mwanzeru.

Mpingo suletsa mayi kudzisamala. Kusamba, kudzola mafuta abwino, kuluka tsitsi ndi kutchena pa Misa ya Lamulungu n'zabwino, ndipo kufuna chithandizo cha ziphuphu kapena mawanga si tchimo. Chimene tikukana ndi kuika moyo wathu ndi wa ana athu pachiswe chifukwa cha bodza lakuti Mulungu analakwitsa potilenga akuda.

Tili ndi chitsanzo mwa Josephine Bakhita Woyera wa ku Sudan. Anagwidwa ukapolo ali mwana, ndipo mmodzi mwa eni ake anamutemetsa mabala 114 pathupi n'kuthiramo mchere kuti zipsera zisachoke. Atamasulidwa ku Italy anabatizidwa nalowa m'chipani cha masisitere a Canossa, ndipo anthu a mumzinda wa Schio ankamutcha mwachikondi kuti mayi wawo wakuda. Anamwalira pa 8 Febuluwale 1947, ndipo Papa Yohane Paulo Wachiwiri anamulengeza kukhala woyera pa 1 Okutobala 2000. Ulemu wake sunachokere pa khungu losalala, unachokera pa kudziwa kuti ndi mwana wokondedwa wa Mulungu.

Zoti tichite ngati gulu

M'mera m'poyamba. Tiyambe ndi mawu amene timalankhula kwa ana ndi adzukulu athu, ndipo tisiye kutchula khungu poyamikira kapena ponyoza mwana. Alangizi a atsikana ndi a mabanja aike nkhaniyi pa malangizo a chinamwali ndi a ukwati, ndipo abambo aimve nawo kumphakati, chifukwa mawu awo ndiwo amatuma amayi ambiri kumsika. Gulu lililonse lipemphe namwino kapena mlangizi wa zaumoyo kuti adzaphunzitse kawerengedwe ka zolemba za pa mabotolo. Amayi a m'gulu lathu amene amagulitsa zodzoladzola tiwathandize, kudzera ku banki m'khonde, kusintha katundu wawo kuti asataye mpamba. Amene akusiya kudzola apatsidwe mnzake mmodzi womuyendera ndi kumuperekeza kuchipatala pa masabata ovuta aja. Tikumbukirenso abale athu achialubino a m'parishi mwathu, tione ngati ali ndi zipewa ndiponso ngati akulandira mafuta oteteza ku dzuwa.

Mafunso okambirana

1. Ndi mawu ati amene timalankhula kunyumba kapena kutchalitchi amene angapangitse mtsikana kudana ndi khungu lake?
2. Mayi wodzola mafutawa amawononga ndalama zingati pa chaka pa msika wa kwanu? Ndalamazo zikanagula chiyani pakhomo?
3. Mnzathu wa m'gulu wayamba kuyera nkhope ndipo ali ndi pakati. Tingamufikire bwanji kuti atimvere osakhumudwa?
4. Mwana wanu wamkazi wakuonetsani mankhwala osenda khungu amene wawaona pa foni ndipo akufuna kugula. Mumuuza chiyani?

Pemphero lotsekera

Atate Mlengi wathu, tikukuthokozani chifukwa cha matupi amene munatipatsa. Tiphunzitseni kuwasamala ndi kuwalemekeza. Chiritsani amayi ndi atsikana amene avulala ndi mankhwala, limbitsani amene akuyesetsa kusiya, ndipo sambitsani pakamwa pathu kuti mawu athu amange ana athu. Amayi Maria ndi Josephine Bakhita Woyera, mutipempherere. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.